Mayi Avereji

Dailesi wabwera ndi homuweki,
wayala kope pa mphasa, nyali ikutha mafuta.
Akuti, "Amayi, avereji mumaidziwa?"
Ndaseka mpaka chifuwa chandigwira.
Ine osaidziwa avereji?
Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndikuibereka m'dengu
m'mizere ya tiyi kuno ku Thyolo,
chiperoni chikundilowa mpaka m'mafupa.

Akuti umawonkhetsa zonse, kenako n'kugawa.
Ndati eya, n'zomwezo.
Kuwonkhetsako ndimakuona pa shedi tsiku ndi tsiku.
Kugawako ndiye sindinakumane nako.

Lolemba Feliya anathyola makilo makumi asanu ndi asanu ndi atatu,
manja ake ngati sizasi ya telala.
Ine makumi atatu okha, bondo litatupa.
A Wisikesi, akapitawo athu, ananyambita chala,
natsegula buku, nati gulu lili bwino,
avereji yakwana.
Ndinafuna kufunsa:
kodi Mayi Avereji amenewa amakhala laini iti?
Amatunga pa mjigo uti?
Malungo sawadziwa? Mwana sawalilira usiku?
Maliro ndimayenda onse a pa esiteti pano,
sindinawaonepo atakhala pa siwa.
Koma dzina lawo ndi lomwe limakwera galimoto
kupita ku ofesi.

Sukulu ndinalekeza sitandade folo.
Ndinkati mawuwo ndawasiya pakhomo la kalasi
pamodzi ndi sileti yosweka.
Ndinawapeza atanditsogolera ku munda:
masamba awiri ndi kansonga, ndiyo sitandade.
Lachitatu likalowa, akhuthula dengu pansi,
usankhe wekha anzako akuyang'ana.
Chaka chatha anabweranso mawuwa atavala jekete,
m'kamwa mwa ankhoswe ochokera ku Limbe,
maso ali kudenga kwathu kwa udzu:
"Mwana wathu anazolowera sitandade ina."
Ndinawapatsa mpando wokhawo wa miyendo inayi.

Dailesi wajambula timizere tiwiri togona.
Akuti ameneyu ndi ikolo,
cha uku ndi cha uko n'chimodzimodzi.
Ine ndikuona njanji ya ku Luchenza:
zitsulo ziwiri zoyendera limodzi,
zosakhudzana mpaka kumene zikupita.

Anabwera ena pa galimoto yoyera,
anatigawira masikipa olembedwa fifite-fifite.
Bambo ake Dailesi anawomba m'manja kuposa onse.
Pa malipiro anandidikira pansi pa bulugamu,
nati, "Paja anati fifite-fifite."
Ndinawapatsa theka.
Nkhuni, madzi, matewera, khasu la Loweruka,
zimenezo ndi handiredi yanga ndekha.
Sikipayo ndi yolimba, sindinama,
ndimapukutira mbale mpaka lero.

Tsono samu yake ndi iyi:
ana atatu, wina ali ndi nthochi zisanu ndi imodzi,
wina zitatu, wina alibe.
Wawerenga zala, waluma pensulo,
wakuwa, "Zitatu! Aliyense zitatu!"
Ndati, wopanda uja wadya?
"Amayi, ndi masamu chabe."
Ndati, dzina lake ndani?
Wandiyang'ana ngati ndapenga,
kenako watembenuza tsamba kufuna dzinalo.
Mulibe.

Lemba zitatu, mwanawe.
Aphunzitsi akuchonge, ukhoze, upitirire folo yanga,
ukafike kumene amasunga buku.
Ukakakhala pa mpando umenewo, cholembera m'manja,
sikelo ikulendewera pamaso pako,
udzakweze mutu pang'ono
uone amene wakoleka dengu.

Watseka kope, wayasamula.
Nyali yazima yokha tisanaiuzire.
Panja chiperoni chayambanso kunong'ona pa udzu.
Mawa belu ndi faifi koloko,
bondo likadali lotupa,
ndipo Mayi Avereji adzakhala atafika kale,
ouma, opanda dontho pa mpango.