Khutu la Bambo Anga

Niva ya bambo anga ndi yakale kuposa ine.
Anaigula ku Naryn mayi ali ndi pakati pa mkulu wanga.
Inali yoyera; lero ili ngati mano a kavalo wokalamba.
Chitseko chakumanja chimatseguka ukachimenya ndi bondo,
m'kati mumanunkha petulo, ubweya wa nkhosa
ndi fodya amene anasiya kusuta kalekale.

Ikadwala, bambo sankafunsa munthu.
Ankatenga sikuludiraiva yaitali,
nsonga pa injini, chigwiriro kukhutu,
n'kutsinzina ngati womvetsera za eni kuseri kwa khoma.
"Ikutsokomolera pa pulagi yachitatu," ankatero,
ndipo zinkakhaladi choncho.
Tsiku lina lamba wa fani ataduka pa phiri la Dolon
anapempha sokosi yaitali ya mayi n'kumanga.
Tinafika kwathu mayi mwendo umodzi uli zii,
akuseka mpaka misozi.

Yanga ndinaigula ku Bishkek, ngongole ya zaka zisanu.
Siifuna kiyi, imandizindikira ndikayandikira, ngati galu.
Mpando umadzitenthetsa wokha.
Imalira ndikaiwala lamba,
imalira ndikaponda mzere,
imalira ndikabwerera m'mbuyo pafupi ndi mpanda wa a Toktosun,
ndipo usiku wina, ndikuchokera kuntchito zikope zikulemera,
inajambula kapu ya tiyi pa kasikirini, akuti ndipume.
Ndinaitukwana.
Kenaka ndinaima pambali, ndinagona mphindi makumi awiri.
Zimenezi sindinawauze bambo.

Iwo anatsegula boneti yake kamodzi kokha.
Anapeza chivundikiro chapulasitiki, chakuda, chosalala.
Anachisisita, n'kufunsa:
"Nanga injiniyo aibisiranji? Inalakwa chiyani?"

Mu Januwale, pa Dolon pomwepo,
chipale chofewa chikuwomba cham'mbali,
kanyali kachikasu kanayaka:
pitani kwa wogulitsa.
Wogulitsayo ali kutali makilomita oposa mazana awiri!
Galimoto inangozima
ngati munthu wonyanyala wosafuna kunena chifukwa.
Ndinaimba foni, ndinadikira, zala m'khwapa.
Niva ndinaimva isanaoneke,
ikukwera mwaphuma, nyali imodzi ikuphethira,
bambo ali m'chipewa chawo choyera chaubweya,
chingwe chokokera chili kale pamiyendo.
Sananene kanthu.
Kusanena kwawoko kunali phokoso ndithu.
Anandikoka mpaka ku Naryn,
ine pambuyo ngati nkhosa yopita kumsika,
mpando wanga wanzeru uja uli wozizira ngati mwala.

Ndinkayesa nkhani yathera pamenepo, iwo apambana.

Koma chilimwe chino anandiitanira kuseri kwa khola.
Niva inali ikulira, boneti ili yasa.
Anaika sikuludiraiva kukhutu lakumanzere,
kenaka lakumanja,
kenaka anaipukuta ndi malaya
ngati vuto lili pa chitsulocho.
"Gulzat," anatero, osandiyang'ana,
"tandibwereka khutu. Ikuti chiyani?"

Ndinawerama.
Chigwiriro chinali chofunda, kutentha kwa khutu lawo.
Ndinamva zambirimbiri:
mvula pamalata, ziboda za akavalo pamiyala,
wotchi, wina akutafuna mtedza patali,
osadziwa kuti matenda ndi ati, moyo ndi uti.
"Kukumveka ka go, go, go, pansi penipeni."
"Kofulumira?"
"Ayi. Kochedwa."
Anagwedeza mutu, n'kusankha sipanala osayang'ana,
naiika m'dzanja langa, osati lawo.
"Yambira apa. Usakakamize, imadana nazo."

Kubwalo galimoto yanga inalira kawiri, yokha,
kundikumbutsa kuti chitseko sindinatseke bwino.
Bambo sanatembenuke.
Inaliranso.
Ine, mafuta akuda mpaka m'zigongono,
ndinaisiya ilire.