Mnzanga wa Mumchenga

Ndimakumba mchenga pa Linthipe.
Lero m'mawa, pofika pa chinyontho,
fosholo yafukula mphutsi yoyera
yopindika ngati khutu la kapu,
mutu wofiirira, timiyendo
tikupalasa mphepo.

Zuze akuti, "Ponya iwe, lole ikudikira!"

Koma uyu ndi mwana wa chikumbu
chija chimatera ng'ombe zikachoka pamadzi
n'kuboola pansi pa ndowe
ndi miyendo yakutsogolo yonga macheka.
Mazira chimakasiya kuya,
komwe dzuwa la Okutobala silifika.
Mwanayo amadya zovunda mumdima
miyezi ndithu, osadziwa dzina la mtsinje,
kenako amadziumbira kachipinda
n'kugona, mpaka mvula yoyamba igogode.

Ine ndi make ntchito yathu ndi imodzi.
Iye amakumbira ana. Inenso.
Kungoti mchenga wanga umakwera lole
kukasanduka khoma ku Lilongwe,
nyumba yomwe sindidzagonamo.

Ndayibwezera m'kadzenje, chakubango,
n'kufotsera ndi phazi.
Zuze, thukuta lili kamukamu,
wandiwerengera mafosholo asanu
omwe waponya yekha.