Mzere Wotumbuluka

Ndinangolowa pothawa dzuwa, ndikulumbira.
Mphepo ya ku Tazenakht inali itandithira mchenga m'mano,
ndipo Yidir, ataima pakhomo, anati kuona n'kwaulere.
Tiyi wa timbewu anamuthira kuchokera m'mwamba,
thovu n'kudzaza katambula kootcha zala.

Kamnyamata kake kanayamba kuyala makapeti.
Phwa! wachikasu. Phwa! wakuda ngati pansi pa chitsime.
Fumbi la ubweya likuvina pa kuwala kwa pazenera
mpaka mulu unandifika m'maondo,
manyazi n'kundifika m'khosi.

Wachisanu ndi chinayi ndiye anandipereka.
Wofiira, wa timfundo tothinana ngati mano a mwana.
Ndinayang'ana kudenga, ndinatsokomola,
koma phazi langa linali litaulula kale,
likusisita ubweyawo lokha, lopanda chilolezo.

Chifalansa changa n'chothyokathyoka,
choncho tinkapatsirana kakyuleta ngati mbale ya mtedza.
Iye: madiramu zikwi zinayi.
Ine: mazana asanu ndi anayi.
Anagwira pamtima, anatchula Mulungu,
anandifunsa ngati kwathu nkhosa zimamera m'tchire.
Ndinavala nsapato imodzi. Anathiranso tiyi.

Paja amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa.
Kanga ndinakasolola nditaona chilema:
cha kumapeto, kufiira kuja kunatumbuluka,
mzere wa zala zitatu, ngati chipsera.
Ndinaloza. Apa woluka analakwitsa, tsitsani.

Yidir anaika kakyuleta pansi.
Mlongo wanga Tlaytmas, anatero, anafika pamenepo
tsiku lomwe mwamuna wake anabwera kuchokera kumgodi
atakulungidwa m'bulangete.
Ulusi unakhala lende miyezi inayi ndi masiku khumi.
Pomwe ankabwerera, utoto wa mumphika uja unali utauma,
ndipo mizu ya chaka china siifiira mofanana.

Chala changa chinali chikadali pomwepo.
Ndinachichotsa pang'onopang'ono
ngati ndachigwira m'thumba la munthu.
Zikwi ziwiri ndi mazana asanu ndi atatu.
Tinagwirana chanza, iye n'kukhudza pachifuwa.

M'mawa mwake, m'sitolo ya kuseri kwa mzikiti,
ndinamva wina akuuza Mjeremani wa chipewa chachikulu
za mlongo, za mgodi, za bulangete.
Ndinaseka ndekha mpaka galu anandiyang'ana.

Komabe podikira basi ya ku Ouarzazate
mayi wina anadutsa ndi mtolo wa ubweya kumsana,
zikhadabo zake zofiira mpaka m'mizu.
Anaona mpukutu wanga womangidwa ndi chingwe,
anapinda ngodya yake, anawerenga timfundo ndi chala chachikulu,
n'kundiuza mawu atatu m'Chitamazighiti.
Sindinamve. Woyendetsa basi anakana kumasulira.

Tsopano ndautsamira, msewu ukukhotakhota m'mapiri.
Ukununkha nkhosa, utsi, ndi sopo wotchipa.
Kaya ndinaberedwa, kaya ndine ndinaba,
tsaya langa lili pa mzere wotumbuluka uja,
ndipo pamenepo mpofunda kuposa pena ponse.