Msoko Wam'kati

Zaka zisanu ndi ziwiri ndinakhalira mbali imodzi ya mpando
pakhonde la sitolo ya aYusufu ku Mchesi,
phazi pachopondera, maso pasingano,
ndikupinda mayunifolomu a ana a eni.
Makasitomala ankati Nachisale ndi wamatama,
sadzuka n'komwe polandira nsalu.
Akanadziwa kuti ndikangoimirira
chinthu chinkalendewera pakati pa miyendo
ngati thumba la malaya lothothoka ulusi!

Mwana wachisanu ndi chimodzi ndiye anayamba ntchitoyi,
zidebe za kumjigo zinamalizitsa.
Ndinkatsokomola mochenjera.
Ndinkaseka theka.
M'minibasi ya ku Kawale ndinkaluma mlomo pa dzenje lililonse.
Usiku ndinkawauza bambo a Tamanda kuti ndatopa,
mawa lake ndatopa,
mpaka anasiya kufunsa,
ndipo kusafunsako kunandiwawa kuposa chinthucho.

Dzina lake ndinalimva mochedwa: kutsika kwa chiberekero.
Si kulodzedwa, anatero namwino Asiyatu, si chilango,
benchi yonseyi ndi anzanu.
Ndinacheuka.
Wogulitsa makala, mphunzitsi, mayi wa mvano ndi duku lake loyera,
tonse titakhalira tsaya limodzi
ngati nkhuku zopewa mphepo.

Poyamba anandiika mphete ya labala yochirikiza.
Inagwira mpaka mvula itagwa,
kenako inayamba kundithawa.

Dokotala anali mtsikana woti ndikanam'bereka ndine,
wa ku Karonga, Chichewa chake chopindika m'mphepete.
Anajambula kuseri kwa envulopu.
Mayi, mimba sitiing'amba.
Tingadzere njira yomwe anadzera ana,
kapena tiboole pang'ono, apa, apa ndi pamchombo,
tilowetse kamera yoonda ngati pensulo,
tikweze chomwe chatsika, tichimangirire polimba.
Sananame: nthawi zina chimabwereranso,
ndipo mndandanda wa odikira ndi wautali.
Ine ndinafunsa chomwe ndimadziwa.
Ulusi wake ndi nambala yanji?
Anaseka mpaka kugwetsa cholembera.

Tsiku linasinthidwa kawiri.
Kawiri ndinaoloka mlatho wa Lilongwe ndi chikwama cha zitenje,
kawiri ndinabwerera nacho osachimasula.
Kachitatu ndinawerenga nyali za kudenga,
imodzi, ziwiri,
yachitatu sindinaipeze.

Nditatsitsimuka dzanja linapita lokha pamimba
kukafuna mzere wautali ngati wa mng'ono wanga,
uja anam'cheka pobereka mapasa.
Ndinapeza timapulasitala titatu.
Mabowo a mabatani!
Zaka zonse zija, manyazi onse aja,
n'kutulukira pa mabowo a mabatani.
Paphewa pankawawa, m'mimba mutadzaza mpweya,
koma mawa lake ndinayenda mpaka pawindo
miyendo ili pafupi,
ndipo pansi panga panali zii.

Atachotsa pulasitala ndinayang'ana msokowo ngati telala.
Waukhondo.
Koma ntchito yeniyeni ili m'kati, kosaoneka,
monga diresi labwino:
ukafuna kudziwa wosoka, litembenuze.
Ine wonditembenuza palibe,
ndingokhulupirira dzanja la mwana wa ku Karonga uja.

Masabata asanu ndi limodzi osanyamula kanthu.
Mutu wa makina ankasenza ndi Tamanda, akudandaula njira yonse.
Bambo ake anaphunzira kupita kumjigo,
anthu akuwaseka,
ndipo usiku wina anafunsanso, motsitsa mawu,
ngati mnyamata wosadziwa yankho.

Lero ndimadzuka polandira nsalu.
Ndimayeza chiuno nditaimirira, tepi ili m'khosi.
Dzulo kunabwera mayi wa ku Biwi ndi siketi yoti ndikulitse.
Ndinam'patsa mpando.
Anakhalira mbali imodzi.
Ndinaimitsa makina,
ndinatuma Tamanda kukagula ulusi womwe ndinali nawo kale,
ndipo ndinasendeza mpando wanga pafupi ndi wake.