Kachitini Kosunga Chabe

A Kamphinda anatsegula boneti ndi chigongono
poti manja anali bii ndi girizi.
Kuno ku Biwi, kuseri kwa mpanda wa malata,
galimoto zakufa zimagona pa njerwa,
zamoyo zimadikira pamzere ngati odwala ku Bwaila.

Tamverani, anatero. Ndinatchera khutu.
Pansi pa phokoso la injini panali kamluzu,
fsii, ngati mwana wa gweru akuphunzira likhweru.
Anandilozera kachitini kakuda,
kukula kwake nkhonya ziwiri,
kobisala pakona, kapaipi kali m'khosi.
Kameneka kang'aluka.

Ndinafunsa, mumakhala chiyani m'menemo, oyilo?
Anaseka mpaka kutsokomola.
Mulibe kanthu, mayi.
Ntchito yake n'kusunga kupanda kanthuko.
Injini imayamwa mpweya wonse,
ndiye chabe chotsalacho
chimakoka kilachi pamodzi ndi phazi lanu.

Zaka zisanu ndi zinayi
ndikututa tomato ku Mitundu pa pikapu iyi,
ndinkayesa wamphamvu ndi mwendo wanga.

Tsilizani, mnyamata wawo, anazungulira Malangalanga yense,
anabwera ndi fumbi m'nsidze ndi yankho limodzi:
katsopano n'koitanitsa ku Joni, masabata atatu,
mtengo wake fizi ya Ulunji teremu yathunthu.
Tomato sadziwa masabata atatu.
Lachinayi amakhala atayamba kale kulira m'dengu.

Chotsani, ndinati.

Sipanala ya teni. Mabawuti awiri.
Lina linamasuka mwaulemu,
lina linakakamira dzimbiri lake mpaka analimenya.
Anadula paipi, n'kuitseka ndi bawuti lakale,
n'kukulunga waya katatu
kuti injini isamamwe mphepo ya m'misewu.
Ya mabuleki sindikhudza, anatero,
ine maliro sindigulitsa.
Kwerani, pondani.

Ndinaponda.
Chitsulo chinandibwezera phazi
ngati chitseko chofufuma ndi mvula.
Ndinakanikiza ndi chiuno chomwe. Giya inalowa.
Muzolowera, anatero, akupukuta zala pa ovololo.

Faifi koloko pa mlatho wa Lilongwe
palibe amapita kwawo.
Akabaza amasoka mipata ngati singano,
kondakitala amamenya nthiti za minibasi,
ine ponda, siya, ponda, siya,
kusuntha utali wa nsapato imodzi.
Ndinawerenga kufika makumi asanu ndi limodzi
bondo lisanayambe kunjenjemera lokha.

Apa m'pamene munandibwerera, a Gwedeza.
Ntchito itatha ku Kanengo munangokhala pakhonde,
abale anga ankati ndakwatiwa ndi munthu wachabe,
nanenso tsiku lina ndinanena, mukumva.
Koma fili koloko m'bandakucha geti inkakhala yotsegula,
madzi ali kale mu lediyeta,
zingwe zomangira madengu zitapindidwa pampando,
Ulunji atapesedwa, yunifolomu yosita.
Sindinafunsepo kuti amachita ndani.
Zinthu zinkangopepuka.

Chikuikireni m'manda mwezi wa Juni
geti ija yalemera, inu.
Imakhula pansi. Ndimaikweza ndi phewa.

Kachitini sindinakasiye ku galaja.
Tsilizani ankafuna akakagulitse kwa a zitsulo zakutha,
ndinamupatsa ya chipisi m'malo mwake.
Kali pansi pa mpando, kamagubuduzika pokhota.
Nthawi zina podikira ogula ku Wakawaka
ndimakatola n'kukagwedeza pafupi ndi khutu.
Zii.
Kung'aluka kwake n'kochepa ngati tsitsi,
chikhadabo ndicho chimakupeza, diso ayi.

Tsopano katumba wa kumanzere wanenepa kuposa mnzake,
nsapato ya mwendo womwewo yadyeka msanga,
wosoka wa ku Mchesi wandimata kale kawiri.
Ulunji akuti ndikamayenda ndimapendekeka.
Mawa ndi Lachiwiri, msika wa ku Mitundu.
Ndatchera alamu ya hafu thuu
kuti ndiyambe ndathira madzi mu lediyeta.