Chigamba pa Likangala

Che Ajibu, zaka makumi awiri
munkamata machubu a njinga pa Chinamwali,
malovu pa chala, khutu pa labala,
kusaka pothawira mpweya.

Lero akupatsani chubu chonenepa ngati mvuu,
chagona chopingasa mtsinje.
Mukachipopa chimatupa, madzi n'kuima,
n'kukhotera m'ngalande kukazungulitsa makina,
babu la kuchipinda cha azamba n'kuyaka.

Kukada kuphiri mumachiphwetsa
kuti madzi osefukira adutse ndi zitsa zawo.

Dzana nsungwi yosongoka inachibaya.
Usiku umenewo mwana wa Abiti Sumani
anabadwira pa tochi ya foni.

M'mawa ndinakuonani, madzi akulekeza m'chiuno,
kachitini ka guluu kukamwa,
khutu pa labala,
mukumvetsera mudzi wonse ukuphwa.