Nsapato Zanga ku Mizhi

Sitima maola khumi ndi awiri, kenako basi,
kenako njinga yamoto ya mlamu wanga
yonunkha nkhosa ndi petulo.
Baoshun atangoona mapiri achikasu akwawo
lilime lake linatembenuka.
Chitchaina chimene amandiyankhula nacho ku Shanghai
anachisiya pasiteshoni ngati chikwama choiwalika.

Nyumba yawo ndi yokumba m'nthiti mwa phiri.
Pakhomo mapepala ofiira a Chaka Chatsopano,
guluu asanaume n'komwe.
Apongozi aakazi anandigwira dzanja,
kulitembenuza ngati akuligula,
n'kunena kenakake, onse gwa! ndi phwete.
Nanenso ndinaseka.
Mpaka lero sindidziwa chimene ndinaseka.

Madzulo tinkakulunga nyama m'timitanda ta tirigu.
Tawo tinkaima pamzere ngati ana asukulu,
tanga tinkayasamula m'madzi owira.
Azakhali anandiyang'ana pamimba kawiri
n'kundiwonjezera mbale.

Apongozi aamuna, masiku atatu osandiyankhula.
Kusuta, kukhosomola, kukaona nkhosa, basi.
Makombola atasiya kuphulika
ndinagona pabedi lanjerwa lokolezedwa moto kunsi,
ndikuwerenga masiku otsala. Awiri.

Mbandakucha ndinamva mapazi.
Akuluwo anatola nsapato zanga zam'tauni,
zonyowa ndi chipale chofewa,
n'kuziika pafupi ndi mbaula,
pambali pa zawo, zonse zitayang'ana kumoto.

Nditazivala zinali zofunda mpaka kunsonga za zala.
Sindinathokoze, mawu ake ndikanawatenga kuti?
Ndinangonyamula ndowa
n'kuwatsatira kukhola.